Nyimbo ya mphindi 18: kamvetseredwe ka chimbale cha Close to the Edge

Pa ntchito yanga yophunzitsa nyimbo, ndikawatsegulira ophunzira chimbale cha gulu la Yes chotchedwa Close to the Edge, sipalephera kupezeka wina wofunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi nyimboyi iyamba nthawi yanji?" Amafunsa patangodutsa mphindi ziwiri, makutu atamva mbalame zikulira ndi madzi akuyenda, kenaka gitala, bezi ndi ng'oma zikusokosera ngati oimbawo ayambana. Sindimawadzudzula, chifukwa khutu lathu linazolowera nyimbo ya pa wailesi, ya mphindi zitatu kapena zinayi, imene kolasi yake imabwera msanga ndipo pofika kumapeto aliyense amakhala akuyimba nawo. Nyimbo yoyamba ya chimbale ichi imatenga mphindi zoposa 18, ndipo inamangidwa mwa njira ina.

Chimbalechi chinatuluka mu Seputembala 1972 pansi pa kampani ya Atlantic, atachijambulira mu situdiyo ya Advision ku London. Oimba anali asanu: Jon Anderson pa mawu, Steve Howe pa gitala, Chris Squire pa bezi, Rick Wakeman pa makiyibodi ndi Bill Bruford pa ng'oma. Muli nyimbo zitatu zokha. Masiku amenewo nyimbo zinkagulitsidwa pa mbale yakuda yozungulira imene mbali yake imodzi inkanyamula mphindi pafupifupi 20, choncho nyimbo ya mutu wa chimbalechi inadzaza mbali yoyamba yonse, ndipo And You and I ndi Siberian Khatru zinagawana mbali yachiwiri.

Mtundu wa nyimbozi amautchula kuti symphonic progressive rock, ndipo ambiri akamva dzinali amaganiza kuti muli gulu lalikulu la mavayolini ndi malipenga. M'chimbale ichi mulibe gulu loterolo. Chimene anyamatawa anatenga kwa olemba nyimbo akale a ku Ulaya ndi kamangidwe: kutenga chuni chimodzi chachifupi, kuchiika m'makutu mwa womvera, kuchibisa, kenaka kuchibweza chitasintha nkhope. Sankabisa kumene ankaphunzirako, pakuti m'zoimbaimba zawo ankayamba ndi kuseweretsa chigawo cha The Firebird ya Igor Stravinsky asanakwere pa nsanja. Munthu akagwira mfundo imeneyi, mphindi 18 zija zimaleka kukhala mtolo.

Tiyeni titsate chuni chimodzi. Phokoso loyambirira lija limadulidwa mwadzidzidzi kangapo ndi mawu a anthu oimba pamodzi, akungotulutsa "aa" mosatchula liwu lililonse, ndipo limayambiranso ngati palibe chachitika. Cha pa mphindi yachitatu mtambo umayera: gitala ya Howe imatulutsa chuni chomveka bwino, chodekha, chimene ngakhale mwana angathe kuchiyimba ndi mluzu. Sungani chuni chimenechi m'mutu, chifukwa ndicho msana wa nyimbo yonse. Tsopano mumazindikira kuti chisokonezo chija chinali ndi ntchito yake. Popanda icho, chuni ichi sichikanakoma chotere, monga madzi sakoma kwa munthu amene alibe ludzu.

Nyimboyi ili ndi zigawo zinayi zokhala ndi mayina awo. Ziwiri zoyamba zimayenda ndi ndime ndi kolasi, koma m'chigawo chachiwiri, Total Mass Retain, ndime yomweyo imabwerera itakhala pa maziko ena. Apa ndimapempha ophunzira kuti aiwale mawu a Anderson ndi kumvetsera bezi yokha. Squire ankayimba bezi ya Rickenbacker ndi kachipangizo kokhwatchira zingwe m'malo mwa zala, ndipo mawu ake ndi akuthwa, osabisala kumbuyo monga bezi zambiri zimachitira. Bezi ndi ng'oma zimawerenga kugunda kwawo, oimba mawu akuwerenga kwawo, ndipo amakumana patsogolo. Amene anaimapo pafupi ndi oimba ng'oma za gule, mbalule ikudutsa pakati pa zinzake, sangadabwe nazo, ngakhale kuti magwero a nyimbo ziwirizi ndi osiyana kotheratu. Ndinenepo pano kuti pa sipika ya foni zonsezi zimatayika. Pamafunika mahedifoni kapena masipika aakulu.

Chigawo chachitatu, I Get Up, I Get Down, ndicho chimene ine ndimachikonda koposa. Ng'oma zimasiyiratu. Pamatsala phokoso lofewa ngati madontho a madzi m'phanga, ndipo mawu a Howe ndi Squire amayimba mizere yawo, Anderson akuyimba wake pamwamba, mizereyo ikupingasana monga zimachitikira mu kwaya yophunzitsidwa bwino. Zikafika pachimake, cha pa mphindi 12, kumalowa limba lalikulu la mapaipi, limene Wakeman analiyimba m'tchalitchi cha St Giles-without-Cripplegate ku London. Limba la mapaipi limalira ndi mphepo yodutsa m'mipope, ndipo makoma a miyala a nyumbayo amabweza mawu ake, moti pa mahedifoni mumamva kukula kwa chipindacho. Limba likadzaza makutu, pamwamba pake pamadutsa mawu owonda a Minimoog, makina opanga mawu ndi magetsi amene anali atsopano nthawi imeneyo, ndipo mosayembekezera chuni cha gitala chija chimabwerera, koma tsopano chikuthamanga, chaukali, chokhotakhota. Ndaonapo wophunzira akudzuka pa mpando pamalo amenewa ndi kufuula kuti wachizindikira. Pambuyo pake kolasi imene munaimva koyambirira imabwera komaliza itatambasuka, ndipo nyimbo imazimirira m'mbalame ndi madzi omwe aja.

Za mawu a nyimboyi sindingakunamizeni kuti ndi osavuta. Anderson anatenga maganizo ena m'buku la Hermann Hesse lotchedwa Siddhartha, lonena za munthu amene anapeza mtendere wa mumtima m'mphepete mwa mtsinje, ndipo n'chifukwa chake mtsinje umamveka m'nyimbomo. Koma iye ankasankha mawu ambiri chifukwa cha kamvekedwe kake kuposa tanthauzo, moti ngakhale eni ake Chingerezi amakanganabe za chimene ankanena. Kwa ife ichi n'chopepukitsa: mawu a Anderson muwatenge ngati choimbira chachisanu.

And You and I imayamba ndi gitala ya zingwe 12, Howe akumveka ngati akuyesa kaye ngati zingwe zili m'malo. Mawu onga a mavayolini ambirimbiri amene amasefukira pakati pake ndi a Mellotron, kiyibodi imene pansi pa batani lililonse pali kachidutswa ka tepi kojambulidwa kale. Mukadina batani, tepiyo imalira masekondi pafupifupi 8 n'kutha, ndipo kugwedera pang'ono kwa mawu ake, kumene ena angakuyese vuto, ndiko kumapatsa nyimbo za nthawi imeneyo fungo lake. Siberian Khatru ndiyo yosavuta kuilandira, ndipo amene akuopa mphindi 18 akhoza kuyambira pamenepo.

Chinthu chimodzi chimene womvera sangachidziwe ndi khutu lokha n'chakuti nyimbo yaitali ija sinayimbidwe kamodzi kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Ankajambula tizidutswa, ndipo Eddy Offord, amene ankayendetsa makina ndi kuthandizana nawo kukonza chimbalechi, ankadula tepi ndi lezala n'kumalumikiza. Inali ntchito ya usiku wambiri ndi mikangano ya pa kanthu kalikonse, ndipo Bruford inamutopetsa. Atangomaliza kujambula anachoka n'kukalowa gulu la King Crimson, chimbale chisanatuluke n'komwe. Alan White, amene analowa m'malo mwake, anali ndi masiku ochepa okha oti aphunzire nyimbo za gululi ulendo wokayimba ku America usanayambe, ndipo anzake anayi aja nawonso anayenera kukhala pansi kuphunzira kuyimba mosadukiza nyimbo imene anaipanga okha.