Nandigram: munda, magazi ndi mavoti 1,956

Ku India chigawo chilichonse chili ndi Nyumba ya Malamulo yakeyake, ndipo chipani chimene chapeza aphungu ambiri ndicho chimapereka nduna yaikulu yolamulira chigawocho. Nyumba ya ku West Bengal ili ndi mipando 294. Umodzi mwa mipandoyi ndi wa Nandigram, dera la midzi m'boma la Purba Medinipur, tsidya lina la mtsinje wa Haldi ukachokera ku doko la Haldia. Anthu ake ndi alimi a mpunga ndi asodzi, Ahindu ndi Asilamu okhala moyandikana.

Kukana kuponderezedwa sikunayambe dzulo kumeneko. Mu 1942, Angerezi akadali kulamulira, anthu a dera la Tamluk, lomwe nthawi imeneyo linkaphatikiza Nandigram, anakhazikitsa boma lawolawo lomwe linayenda mpaka 1944. Mu 1946 kunabuka kulimbana kwa Tebhaga: matenanti olima m'minda ya eni malo anakana kumagawana zokolola pakati ndi pakati, nafuna magawo awiri mwa atatu, popeza thukuta linali lawo. Mmodzi mwa owatsogolera anali Bhupal Panda wa chipani cha chikomyunizimu cha CPI, amene pambuyo pake anadzakhala phungu wa derali. Kwa zaka zambiri mpandowu unkasinthana manja makamaka pakati pa CPI ndi chipani cha Congress.

Mgwirizano wa zipani za chikomyunizimu wa Left Front unatenga boma la West Bengal mu 1977, ndipo chimene chinaupatsa mizu kumidzi ndi nkhani ya malo. Kuyambira 1978 boma linkalemba matenanti m'kaundula kuti mwini munda asamawathamangitse mmene wafunira. Mlimi wosauka anali ndi chifukwa chomveka chovotera mbendera yofiira ya zipanizi. Pa chisankho cha 2006 mgwirizanowu unasesa mipando 235, ndipo ku Nandigram anapambana Mohammad Ilyas wa CPI. Ndani akanaganiza kuti patangotha miyezi yochepa zinthu zitembenuka?

Nduna yaikulu Buddhadeb Bhattacharjee, wa CPI(M), chipani china cha chikomyunizimu chomwe chinkatsogolera Left Front, ankafuna mafakitale, ndipo sanalakwe kuona kuti achinyamata alibe ntchito. Cholakwa chinali njira yake. Boma linagwirizana ndi kampani ya Salim Group ya ku Indonesia kuti amange mafakitale a makemikolo pa malo okwana pafupifupi maekala 10,000. Kumayambiriro kwa Januwale 2007, bungwe la Haldia Development Authority, lomwe wapampando wake anali phungu Lakshman Seth, linatulutsa chikalata chotchula midzi yokhudzidwa. Eni minda sanafunsidwe bwinobwino. Anakumba maenje m'misewu, anagwetsera mitengo m'njira, anaphwasula milatho, napanga komiti yokana kulandidwa malo ya Bhumi Uchhed Pratirodh Committee. Ambiri mwa okumba maenjewo anali anthu omwe aja anavotera Left Front chaka chathacho. Tisabisenso kuti mabanja ambiri okhulupirika ku CPI(M) anathamangitsidwa m'nyumba zawo, nakakhala m'misasa ku Khejuri, tsidya la ngalande ya Talpati.

Pa 14 Malichi 2007 apolisi analowa m'derali kuti alitsegule mokakamiza. Pafupi ndi mlatho wa Bhangabera anakumana ndi khamu la anthu, amayi ndi ana ali kutsogolo. Apolisiwo anawombera, ndipo anthu 14 anafa tsiku limenelo. Mu Novembala anyamata a chipani cha CPI(M) okhala ndi mfuti analandanso midziyo, ndipo Bhattacharjee ananena poyera kuti otsutsawo angobwezeredwa zomwe anachitira anzawo. Mwezi womwewo khoti lalikulu la Calcutta linagamula kuti kuwombera kwa mu Malichi kunali kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mafakitale aja sanamangidwe ku Nandigram.

Mkwiyo unakaonekera m'bokosi la mavoti. Ilyas anatula pansi udindo mu 2008 atatchulidwa pa nkhani ya ziphuphu imene inaulutsidwa pa wailesi ya kanema. Pa chisankho chachibwereza cha Januwale 2009, chipani cha Trinamool Congress cha Mamata Banerjee chinaimika Firoja Bibi, mayi wa kumudzi amene mwana wake wamwamuna anaphedwa pa 14 Malichi paja. Sanafunike kulankhula zambiri pamsonkhano. Aliyense ankadziwa chimene chinamuchitikira. Anapambana kutali, napambananso mu 2011, chaka chimene Left Front inagwa itatha zaka 34 m'boma, Banerjee n'kukhala nduna yaikulu. Nkhani ya Singur, kumene boma linatenga minda kuti kampani ya Tata ipangirepo magalimoto, inathandizira kugwaku, koma kumene kunakhetsedwa magazi ochuluka ndi ku Nandigram.

Amene ankayendetsa zinthu m'midzimo nthawi ya chipwirikiti anali Suvendu Adhikari wa chipani cha Trinamool Congress, wa banja lodziwika pa ndale m'bomalo. Mu 2009 anagonjetsa Lakshman Seth pa mpando wa Tamluk wa Nyumba ya Malamulo ya dziko lonse, ndipo mu 2016 anatenga Nandigram ndi mavoti oposa 80,000 pamwamba pa womutsatira, nakhala nduna ya zamtengatenga. Mu Disembala 2020 anachoka m'chipani n'kukalowa chipani cha BJP cha nduna yaikulu ya dziko lonse la India, Narendra Modi. Banerjee sanazengereze. Mu Januwale 2021, ataimirira pamsonkhano ku Nandigram komweko, analengeza kuti pa chisankho cha chaka chimenecho adzapikisana naye pakhomo pake, ndipo pambuyo pake anasiya mpando wake wa Bhabanipur mumzinda wa Kolkata. Pa 10 Malichi anavulala mwendo ali m'derali, ndipo kampeni yotsalayo anaichita ali pa njinga ya olumala, mwendo uli m'chikhakha.

Chimene chimandipweteka pa chisankho chimenechi n'chakuti za munda zinazimiririka. Adhikari ankamutchula Banerjee kuti "Begum", dzina loitanira amayi achisilamu, pofuna kuuza Ahindu kuti mayiyu ndi wa Asilamu, ndipo Banerjee nayenso anayamba kulakatula mapemphero achihindu papulatifomu. Anthu amene mu 2007 ankagwirira khasu limodzi pokumba maenje aja tsopano ankawerengedwa potengera kumene amapemphera.

Anavota pa 1 Epulo, nawerenga pa 2 Meyi. Madzulo ake nyumba zina zofalitsa nkhani zinalengeza kuti Banerjee wapambana, koma zotsatira za bungwe loyendetsa zisankho zinapatsa Adhikari mavoti 110,764 ndipo Banerjee 108,808, kusiyana kwa 1,956 chabe. Pempho loti awerengenso linakanidwa, ndipo Banerjee anakasuma kukhoti lalikulu la Calcutta. Chipani chake chinali chitapambana mipando yoposa 210 m'chigawo chonse, BJP 77, choncho analumbirabe ngati nduna yaikulu. Malamulo amalola nduna kukhala miyezi isanu ndi umodzi isanakhale phungu. Iye anabwerera ku Bhabanipur nakapambana chachibwereza ndi mavoti oposa 58,000. Adhikari anakhala mtsogoleri wa mbali yotsutsa boma.

Nanga a mbendera yofiira? Anaimika mtsikana wolimba mtima, Minakshi Mukherjee wa CPI(M), amene anayenda mudzi ndi mudzi akulankhula za ntchito ndi mitengo ya zinthu. Anapeza mavoti ongopitirira 6,000, ndipo m'Nyumba yonse ya mipando 294 zipani za Left Front sizinapeze ngakhale umodzi.