Kuchoka pa 60 kufika pa 90 si ulendo wautali

Sabata yatha ndinamvanso zomwe zija pa wailesi. Bambo wina, wolankhula modzidalira ndithu, ankauza omvera kuti dziko la Iran linali kutali ndi bomba la nyukiliya chifukwa yureniyamu wake anali atangofika pa 60 peresenti, pomwe bomba limafuna 90. Akuti kunatsala 30 yathunthu. Ndaphunzitsa fizikisi ya nyukiliya kwa zaka zambiri, ndipo kulakwitsa kumeneku kwandifika pakhosi. Masamu ake sayenda choncho ayi.

Tengani lichero, muthiremo nyemba 1,000. Mwa nyembazo 7 zokha ndi zofiira, zina zonse n'zoyera. Yureniyamu wokumbidwa pansi ali chomwecho: mbali yofunika pa bomba, U-235, ndi 0.7 peresenti basi. Ntchito ya makina a centrifuge ndi kusankha zoyerazo n'kuzitaya. Kuti mufike pa 5 peresenti, mlingo wa m'malo opangira magetsi, m'licheromo muyenera kutsala nyemba 140, ndiye kuti mwataya kale 860. Pa 20 peresenti zatsala 35. Pa 60 zatsala 12. Pa 90 zatsala 8. Werengani nokha. Wofika pa 60 watola kale nyemba 988, kwamutsalira zinayi. Makina enieni amataya zofiira zina m'njira, koma chithunzi chake n'chimenecho. Ntchito yotsalayo ndi ya masabata. Inde, kukhala ndi yureniyamu wa 90 si kukhala ndi bomba, pamafunikanso luso lolipanga n'kulikweza pa mzinga, komabe phiri lalikulu limakhala lakweredwa kale.

Mbali inayi kuli anzathu amene amati poti ku Kayelekera ku Karonga kuli yureniyamu, Malawi ali ndi bomba m'thumba. Zimene mgodi uja unayamba kutulutsa mu 2009 ndi yellowcake, ufa wa yureniyamu wosayengedwa, lichero lija lisanagwiridwe n'komwe. Yureniyamu wambiri wa bomba la ku Hiroshima anachokera ku Shinkolobwe ku Congo, koma kuti ayengedwe dziko la America linachita kumanga mzinda wonse wa Oak Ridge, wa antchito zikwizikwi.

Chimene chimandisowetsa tulo mpaka pano ndi pangano la mu July 2015 la pakati pa Iran ndi maiko akuluakulu, kuphatikizapo America. Ku Vienna, Iran inavomera kuti isapitirire 3.67 peresenti, ndiponso kuti isasunge yureniyamu woyengedwa woposa makilogalamu 300. Oyendera a IAEA, bungwe loona za nyukiliya pa dziko lonse, ankalowa m'malo oyengera yureniyamu a ku Natanz ndi ku Fordow, kuyika makamera, kumata zidindo pa makina, kuyeza chilichonse pa sikelo. Panganolo linali ndi zofooka zake, ndipo mfundo zina zinali zoti zidzatha pakapita zaka. Koma nyemba zinkawerengedwa. Mu May 2018 America inatulukamo, oyenderawo akunenabe kuti Iran ikusunga mbali yake. Mu April 2021 Iran inayamba kuyenga mpaka 60 peresenti, mlingo umene palibe malo opangira magetsi amene amaufuna, ndipo apa Iran sindingayiyikire kumbuyo. Pofika May 2025, IAEA inawerenga makilogalamu opitirira 400 a mtundu umenewu. Mwa kuwerengera kwa bungwelo, makilogalamu pafupifupi 42 akhoza kukwanira bomba limodzi atayengedwanso. Zaka zisanu ndi ziwiri zinapita anthu akukokanakokana za kukhalanso pansi, makina akuzungulira usana ndi usiku.

Mu June 2025 Israel ndi America anaphulitsa Natanz, Fordow ndi Isfahan. Ambiri anaomba m'manja kuti nkhani yatha. Ine mtima unangoti myuu, chifukwa patangopita masabata ochepa oyendera aja anatuluka m'dzikomo. Katundu wa makilogalamu 400 amalowa m'masilinda oti n'kunyamulidwa pa magalimoto ochepa chabe. Nyumba mungaigumule, nanga zimene zili m'mitu ya akatswiri? Israel itaphulitsa malo a nyukiliya a Osirak ku Iraq mu 1981, Saddam Hussein anangopititsa ntchitoyo kobisika, ndipo dziko linadzadziwa kukula kwake nkhondo ya 1991 itatha.

Kumene oyendera sakuona, ndi kumene amalonda a mumdima amalowa. A.Q. Khan, katswiri wa nyukiliya wa ku Pakistan, anagulitsa mapulani ndi zida za centrifuge ku Iran, Libya ndi North Korea, mpaka anadzaulula yekha pa TV mu February 2004. Musaganize kuti zinali za kutali: zida zina zopita ku Libya zinapangidwira ku Vanderbijlpark, ku South Africa konkuno.

Palinso akamberembere ang'onoang'ono, ndipo awa ndi amene angakufikeni pakhomo. Tsiku lina mnyamata wina anabwera ku ofesi kwanga ndi kabotolo kokulunga m'nyuzipepala, manja akunjenjemera. Anali atagulitsa ng'ombe za bambo ake kuti agule chimene anamuuza kuti ndi red mercury ya bomba, yomwe akuti azungu akanamugula mamiliyoni. Munali utoto wofiira. Red mercury ya bomba kulibe, abale anga, ndi bodza limene ladyera anthu ndalama kwa zaka zambiri. Ndinamumvera chisoni, koma ndinathokozanso kuti unali utoto. Ku Goiânia ku Brazil mu 1987, otola zitsulo anaswa kachitsulo kochokera m'chipatala chosiyidwa, nakopeka ndi ufa wowala mwa buluu umene unali mkati. Anagawana ndi achibale. Unali caesium-137, ufa wotulutsa cheza choopsa cha nyukiliya. Anthu anayi anamwalira, mmodzi mwa iwo kamtsikana ka zaka 6, ndipo panadutsa masabata awiri anthu akusanza asanadziwe chimene chikuwadwalitsa.

Wina akakuonetsani chitsulo cholemera modabwitsa, chokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu chochenjeza za cheza cha nyukiliya, musachitsegule, musachiyike m'thumba, musakwere nacho minibasi kuti mukachionetse kwa wodziwa. Chisiyeni pomwepo, talikirani, uzani apolisi tsiku lomwelo. Ngati munachigwira kale, pitani kuchipatala ngakhale simukumva kupweteka, ndipo mukanene chimene munagwiracho.