Ntchito zimene kompyuta imagwira inu mutagona

Mayi wina amene amasunga chuma cha bungwe la alimi ku Angónia anandiimbira foni m'mamawa tsiku lina, ine ndisanasukusule n'komwe. "Achimwene, makina anu apenga kodi? Anthu alandira uthenga wa ngongole kawiri, ndipo chiwongoladzanja chalowanso kawiri. Pano pakhonde pali azibambo atsamiritsa njinga zawo kumtengo, akuti sachoka mpaka amve mutu wake." Ndinali mumzinda wa Tete, dzuwa la mu Novembala litayamba kale kuwotcha. Pulogalamu ya bungwelo ndinalemba ndine ndemwe, choncho panalibe wina womuloza chala.

Kuti mumvetse chimene chinachitika, muyambe mwadziwa kuti pulogalamu ya kampani kapena ya bungwe imagwira ntchito za mitundu iwiri. Ina imadikira munthu. Mukamagula magetsi a Credelec, kapena kutumiza ndalama pa M-Pesa ndi e-Mola, mumadina ndinu, makina n'kuyankha. Koma pali ina imene sidikira munthu, imadikira nthawi basi: kutseka mabuku a tsikulo pakati pa usiku, kuwerengera chiwongoladzanja mwezi ukatha, kukumbutsa a ngongole ya feteleza Lolemba lililonse, kukopera zonse zosungidwa n'kuziika kwina kuopa tsiku la tsoka. Izi zimachitika kuseri, osaonedwa ndi aliyense. Zikamayenda bwino palibe amene amazitchula.

Ambirife tinaphunzira kusukulu kumene belu linali chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa mumtengo, ndipo panali mnyamata mmodzi wopatsidwa udindo wochimenya. Iye sankaphunzitsa, sankasesa, ntchito yake inali kuyang'ana wotchi n'kumenya. M'makompyuta, mnyamata ameneyu dzina lake ndi cron. Anabadwira m'makina a Unix m'zaka za m'ma 1970, ndipo mtundu umene unafala kwambiri analemba ndi Paul Vixie mu 1987. Mumamuuza nthawi ndi mzere wa zigawo zisanu: mphindi, ola, tsiku la mwezi, mwezi, ndi tsiku la sabata. Nyenyezi imatanthauza "lililonse". Mukalemba 0 6 * * 1 ndiye kuti mwati 6 koloko m'mawa, Lolemba lililonse.

Mapulogalamu akuluakulu a m'mabanki ndi m'makampani ambiri amalembedwa m'chinenero cha Java, pa maziko otchedwa Spring. Maziko amenewa ali ngati nyumba imene ena anaimika kale nsanamira ndi denga, inu n'kungobwera kudzagawa zipinda. Spring inatuluka mokwanira mu 2004, ndipo kuyambira mu 2009 wolemba pulogalamu amangoika chizindikiro cha @Scheduled pamwamba pa ntchito imene akufuna izibwerezedwa. N'zosavuta kulemba, ndipo kusavutako n'kumene kumatigwetsa. Mzere wa Spring uli ndi zigawo zisanu ndi chimodzi chifukwa amayambira pa masekondi, kotero Lolemba lija limakhala 0 0 6 * * MON. Palinso chida china chakale chotchedwa Quartz, chimene kwa icho nambala 1 ndi Lamlungu, osati Lolemba. Wokopera mzere kuchoka uku kupita uko osauwerenga amadabwa uthenga wa ngongole ukufikira anthu ali m'tchalitchi. Ine masiku a sabata ndinasiya kuwalemba ndi manambala.

Kutha kwa mwezi nakonso kuli ndi msampha wake. Wina amalemba 31 poganiza kuti wati "tsiku lomaliza", kuiwala kuti miyezi ya masiku 31 ilipo isanu ndi iwiri yokha. Epulo, Juni, Seputembala, Novembala ndi Febuluwale amadutsa belu osalira. Quartz ndi Spring ya masiku ano zimalola kulemba chilembo L kutanthauza tsiku lomaliza la mwezi uliwonse, koma ine ndimakonda kuika ntchito zotere pa 1 mwezi wotsatira, m'bandakucha, mwezi wakale utatsekeka ndithu.

Si ntchito zonse zimene zimafuna ola lenileni. Zina zimangofuna kubwerezedwa pakapita mphindi zakutizakuti, monga kufunsa ku banki ngati pali malipiro atsopano. Apa Spring imakupatsani njira ziwiri, fixedRate ndi fixedDelay, ndipo kusiyana kwake aliyense wothirira dimba akukudziwa. Mukauza mwana kuti "uziyamba kuthirira ola lililonse", ndiye fixedRate: akachedwa kumaliza bedi loyamba, nthawi ya lachiwiri imamupeza kheni ili m'manja, ndipo sapuma. Mukamuuza kuti "ukamaliza, upume ola limodzi ndiye uyambenso", ndiye fixedDelay. Kwathu kuno kumene netiweki imatha kukoka ntchito ya masekondi asanu mpaka mphindi zinayi, njira yachiwiriyi ndiyo imandipatsa tulo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti, mukapanda kusintha kanthu, Spring imaika wantchito mmodzi yekha woti agwire ntchito zonse za pa ndandanda. Akatswiri amati thread imodzi. Ntchito yokopera zosungidwa ikatenga maola awiri, zina zonse zimaima pamzere kuidikira. Amene munaona mathiraki atandandalika kudikira kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, wa Kassuende usanatsegulidwe mu 2014, chithunzi chake ndi chomwecho. Mankhwala ake ndi mzere umodzi chabe wowonjezera antchitowo, koma uyenera kudziwa kaye kuti matendawo alipo.

Nanga 6 koloko tikunenayi ndi ya kuti? Seva, kompyuta imene pulogalamu yanu ikukhalamo, mwina siili ku Tete kapena ku Maputo, ili m'nyumba ina ya makina ku Ulaya, ndipo maseva ambiri amayendera nthawi ya UTC, muyezo wa nthawi wa dziko lonse lapansi. Ife tili patsogolo pa UTC ndi maola awiri chaka chonse. Uthenga umene munati upite 6 koloko umafika 8 koloko, mlimi ali kale pakati pa mizere ya kachewere, foni ataisiya kunyumba. Zimaipirapo seva ikamayendera nthawi ya ku Lisbon, chifukwa kumeneko amasuntha wotchi Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala. Miyezi ina timasiyana nawo ola limodzi, miyezi ina maola awiri, ndipo belu lanu limasamuka lokha kawiri pachaka popanda wolikhudza. Pa ntchito iliyonse muzilemba dera la nthawi poyera, Africa/Maputo, musamasiyire seva kuti iganize yokha.

Zonsezi ndi zing'onozing'ono. Mafunso aakulu ndi awiri, ndipo ndimafunsa wolemba pulogalamu aliyense amene akufuna ntchito kwa ine. Belu likapanda kulira, chichitike n'chiyani? Nanga likalira kawiri?

Loyambalo ndi la tsiku ndi tsiku kwathu kuno. Damu la Cahora Bassa ku Songo limatha kupanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ndipo ambiri amapita ku South Africa, koma mphezi ya m'dzinja siyang'ana zimenezo, ikagwetsa mtengo pa mawaya mudzi umagona mumdima. Ngati seva ili mu ofesi yanu momwemo ndipo inali chizimire pa 12 koloko usiku, @Scheduled sikumbukira kuti inaphonya kanthu. Magetsi akabwera imangoyang'ana kutsogolo, kudikira 12 koloko ya mawa. Mabuku a dzulo amakhala osatsekedwa, ndipo palibe amene akuuzeni. Quartz ndiyo ili ndi chikumbukiro, mukailola kusunga ndandanda yake mu database, nkhokwe imene pulogalamu imasungamo zolembedwa zake. Ikadzuka imaona zimene zinadutsa nthawi, zimene imazitcha misfire, n'kuchita monga munailangizira: kugwira pomwepo, kapena kusiya mpaka ulendo wina.

Kusankha pamenepa si kwa katswiri wa kompyuta yekha, n'kwa eni ntchito. Uthenga wakuti "lero kuli msika wa mbewu" ukachedwa ndi tsiku lathunthu, kuli bwino ufe, chifukwa ukafika mochedwa munthu apalasa njinga kuchoka ku Domwe mpaka ku Ulónguè n'kupeza bwalo lili mbee. Koma malipiro a antchito akaphonyeka, ayenera kutuluka makina akangodzuka. Ine ndimakhala pansi ndi msungichuma, pepala pakati, n'kumufunsa ntchito imodziimodzi kuti "iyi ikachedwa tiichite kapena tiileke?" Ambiri amadabwa kuti funso lotere likuchokera kwa munthu wa makina. Ntchito zotseka mabuku ndimazilembanso mwanjira yakuti zisamati "tseka za dzulo", koma "tseka masiku onse amene sanatsekedwe". Zikatero ngakhale mdima utagona masiku atatu, tsiku lachinayi zonse zimalongosoka zokha.

Funso lachiwiri ndilo linandibweretsera foni ya mayi aja. Nyengo yogawa feteleza itayandikira, tinawonjezera seva yachiwiri kuti ina ikafooka ina izigwirabe. Paja amati walira mvula walira matope. Pa ntchito zodikira munthu, maseva awiri amagawana bwinobwino: uyu alandira mlimi uyu, uyo alandira winayo. Koma pa ntchito zodikira nthawi, seva iliyonse inali ndi mnyamata wake wa belu, aliyense ndi wotchi yake, osadziwana. Usiku wa pa 1 onse anamenya, onse anawerengera chiwongoladzanja, onse anatumiza uthenga. Palibe makina amene analakwitsa. Iliyonse inachita ndendende zimene ndinailembera.

Njira yoyamba yokonzera ndi loko. Nthawi ikakwana, seva iliyonse imathamangira ku database kukalemba kuti "ntchito iyi ndaigwira ine", ndipo yoyamba kufika ndiyo imagwira, inayo imabwerera. Pali kachida kotchedwa ShedLock kamene kamachita zimenezi pa Spring, ndipo Quartz nayo imatha kugwirizanitsa maseva ambiri chimodzimodzi. Koma loko ali ndi vuto lake. Bwanji wotenga kiyi atakomoka ali m'kati? N'chifukwa chake lokoyo amapatsidwa nthawi yoti azitseguka yekha. Mukaika nthawi yaitali kwambiri, ntchito imaima mpaka kalekale. Mukaika yaifupi, loko amatseguka woyamba uja asanamalize, wachiwiri n'kulowa, ndipo mwabwerera pomwe munali. Mawotchi a maseva awiriwo akasiyananso pang'ono, chisokonezo chimalowera pomwepo.

Ndiye loko yekha sindimukhulupirira. Chimene chinandichiritsa ndinachiona m'buku la mayi aja nditakwera chapa kupita ku Ulónguè tsiku lomwelo. Anali asanataye kope lawo lakale la chikuto cholimba, lomangidwa ndi lamba wa chubu cha njinga. Dzina lililonse linali ndi mzere wake, mwezi uliwonse ndi kabokosi kake. "Ine ndikawerengera munthu chiwongoladzanja ndimachonga apa," anatero akuloza ndi bolopeni. "Ngakhale mundidzutse usiku kuti ndiwerengerenso, ndikaona pochongedwa ndidutsa." Akatswiri ali ndi dzina lawo lalitali la khalidwe limeneli, amati ntchitoyo ndi idempotent, kutanthauza kuti kuichita kamodzi kapena kasanu zotsatira zake ndi zimodzimodzi. Ndinabwerera n'kuuza database kuti nambala ya membala ndi mwezi womwewo zisalembedwe kawiri pa chiwongoladzanja, zivute zitani. Tsopano ngakhale maseva atakhala khumi, wachiwiri kufika amapeza pochongedwa kale.

Uthenga wa pafoni ndiwo wovutirapo, chifukwa ukatuluka subwezeka. Mukachonga musanatumize, magetsi n'kuzima pakatipo, mlimi salandira kanthu. Mukatumiza musanachonge, akhoza kulandira kawiri. Palibe luso limene limatsekeratu kampata kameneka, mumangosankha cholakwa chimene mungathe kupirira. Pa chikumbutso cha ngongole tinasankha kuti bola munthu alandire kawiri kusiyana n'kusalandira. Pa kuchotsa ndalama sitingayerekeze kutero.

Zolembedwa kawiri zija tinazifafaniza tsiku lomwelo, ndipo azibambo apakhonde anakwera njinga zawo atauona mzere wawo wokonzedwa ndi maso awo. Mmodzi anandiyang'ana n'kufunsa ngati makinawo amalakwitsanso mbali yochepetsa ngongole. Ndinamuuza kuti zimatheka, ndipo anati tsiku limenelo ndisavutike kubwera.

Ndisanachoke ndinawonjezera kantchito kena kakang'ono. Ntchito za usiku zikatha bwino, mayi aja amalandira uthenga wa mzere umodzi 5 koloko m'mawa, wonena kuti mabuku atsekedwa ndi chiwerengero cha mamembala amene awerengeredwa. Ndinachita dala kuti uthengawo uzibwera zinthu zikayenda, osati zikavuta, chifukwa makina amene afa sangatumize uthenga wa maliro ake omwe. Mu Febuluwale, mvula itagwa usiku wonse, foni yanga inalira dzuwa lisanatuluke. "Achimwene, lero sindinalandire kanthu."