Ndege ikagwa ponyamuka, tisathamangire kunena injini

Kandege kakagwa ponyamuka pabwalo lalifupi la udzu, timafulumira kunena kuti injini inazima. Koma pangozi zambiri zotere injini imakhala ikulira bwinobwino, chatha ndi bwalo. Bungwe loyang'anira za ndege ku Britain la Civil Aviation Authority limati udzu wouma umatalikitsa mtunda wonyamukira ndi 20 peresenti, wonyowa ndi 30. Zimandiwawa, chifukwa zimenezi zimawerengeka ndege isanasunthe.

Kutentha ndi kukwera kwa malo nako kumapepukitsa mpweya, mapiko ndi injini n'kuchepa mphamvu. Taganizirani bwalo la Chelinda ku Nyika, lomwe lili pamalo okwera mamita opitirira 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Woyendetsa akaona mitengo ikuyandikira n'kudzutsa mphuno ya ndege liwiro lisanakwane, mapiko amalephera kuinyamula, imagwa injini ikulirabe.