Ma environment 10 sikuti ndi makope 10 a phukusi lililonse

Kwa zaka zambiri anthu akhala akunena kuti ukapanga environment (malo apadera oikamo maphukusi a pulojekiti imodzi) yatsopano ya Python kapena Node, phukusi lililonse la code limadawunilodedwanso n'kudyanso malo ake pa diski. Zimatopetsa kumva, chifukwa zimadalira chida choikira maphukusi chimene mukugwiritsa ntchito, monga Conda, pnpm kapena Pip.

Conda imasunga phukusi kamodzi mufoda ya pkgs, kenako imaika ma hard link m'ma environment. Nayo pnpm imachita chimodzimodzi ndi nkhokwe yake. Hard link ndi dzina lina la fayilo yomweyo: mayina angakhale 10, koma deta pa diski ndi imodzi. Pip ndiye imakoperadi mafayilo mu venv (environment ya Python) iliyonse, ngakhale zimene inadawuniloda kale imazitenga mu cache (posungira zodawuniloda), osati pa intaneti.

Dzionereni nokha. Pa Linux kapena macOS lembani ls -li pa fayilo imodzi m'ma environment awiri. Nambala yoyamba, ya inode (nambala yozindikiritsa fayilo pa diski), ikafanana, ndi fayilo imodzi. Chimene chimasokoneza ambiri ndi du, command yoyezera malo amene foda ikudya pa diski: mukayeza foda iliyonse payokha imawerenga zonse, koma mukaipatsa mafoda onse pamodzi imawerenga fayiloyo kamodzi kokha.

Pali pogwera. Hard link sidutsa pa partition (gawo la diski) ina, choncho cache, ngati pkgs kapena nkhokwe ya pnpm, ikakhala kwina chidacho chimangokopera, malo n'kutha. Komanso mukasintha pamanja fayilo yolumikizidwa, mwaisinthira ma environment onse. Kufufuta cache sikuwononga ma hard link, koma ma symlink (mafayilo ongoloza pamene pali fayilo ina) amatsala akuloza popanda kanthu.

Musanauze mnzanu kuti ma environment amadzaza diski, yang'anani kaye inode.