Makina Oluka Nsalu Amene Munalibe M'buku la Wanted

Amene anawerenga komiki (buku la nkhani ya m'zithunzi) ya Wanted asanaonere filimu yake ya 2008 amadandaula kuti kampani ya Universal inagula buku n'kungotolamo mayina. Dandaulo lawo lili ndi mutu. Gulu lachinsinsi la akupha limene anthu amalidziwa pa kanema, lija lolandira malamulo kuchokera ku makina oluka nsalu, m'bukumo mulibe.

Bukulo analemba ndi Mark Millar wa ku Scotland, zithunzi anajambula J. G. Jones, ndipo kampani ya Top Cow inayamba kulitulutsa kumapeto kwa 2003 m'timabuku tisanu ndi kamodzi. Gulu la m'menemo, lotchedwa Fraternity, ndi la zigawenga zokhala ndi mphamvu zodabwitsa, zovala zigoba kumaso. Nkhani yake imati mu 1986 zigawengazo zinagwirizana, zinagonjetsa ngwazi zonse, zinafafaniza zimenezi m'maganizo mwa anthu, kenako zinagawana dziko. Wesley Gibson, kalaliki wonyozeka wa mu ofesi, atauzidwa kuti bambo ake anali katswiri wakupha m'gululo, amalowamo n'kuyamba kupha aliyense amene anamulakwirapo, ngakhalenso kugwiririra, popanda womuletsa. Salapa. Tsamba lomaliza amatukwana wowerenga weniweniyo.

Nkhani yotero siingalowe mu filimu ya madola pafupifupi 75 miliyoni osaisintha. Choyamba ndi anthu ake: ambiri mwa zigawenga za Millar ndi zithunzithunzi za adani a Superman ndi Batman, amene eni ake ndi kampani ya makomiki ya DC, pansi pa Warner Bros. M'komiki kutengera koteroko kumaseketsa owerenga amene amawadziwa, koma woonera wamba sangazindikire nthabwalayo, ndipo kampani ina kuyandikira kwambiri katundu wa mnzake n'kudziputira milandu. Chachikulu koposa ndi Wesley mwini. Wowerenga amakhala naye mphindi khumi ndi zisanu, n'kutseka buku, n'kudikira kabuku kotsatira. Woonera amakhala naye mphindi 110 osapuma, ndipo ngati munthuyo akungopha chifukwa choti palibe womugwira, mtima wa woonera umamuchoka theka la filimu lisanakwane.

Olemba filimu, Michael Brandt ndi Derek Haas, kenako Chris Morgan, anasunga chiyambi chokha: ofesi yotopetsa, bwana wolalata, chibwenzi chogona ndi mnzake wapamtima, kubwera kwa Fox, mkazi wa m'gululo amene amadzamutenga Wesley, ndi mayeso owombera mapiko a ntchentche. Kuchokera pamenepo anamanga zawo. Fraternity inasanduka gulu limene linayambitsidwa ndi amisiri oluka nsalu zaka 1,000 zapitazo. Makina awo amaluka nsalu, ndipo ulusi wina umalumpha pamene umayenera kudutsa pansi. Mtsogoleri, Sloan, amawerenga zolakwikazo ngati manambala 1 ndi 0, n'kuwasandutsa zilembo, ndipo dzina lotulukalo ndi la munthu woyenera kufa kuti ambiri apulumuke.

Anthu amawaseka makinawa, ndipo ndi oseketsadi, koma amagwira ntchito zitatu zimene filimu ya gulu la akupha siingayende popanda. Amachotsa mlandu pamutu pa wowombera, chifukwa si iye wasankha. Amapereka lamulo limene woonera angaliphunzire m'mphindi zochepa. Komanso amatsegula mpata wachinyengo, poti wowerenga nsaluyo ndi munthu mmodzi: zimadziwika kuti dzina la Sloan linatulukapo kale, iye n'kuyamba kupeka mayina n'kumalandira ndalama, ndiponso kuti Cross, amene Wesley anatumidwa kukamupha, ndiye bambo ake enieni. Motero Wesley wa pa kanema amagwetsa gululo, pamene wa m'buku amathera pampando wa ulamuliro m'kati mwake.

Maganizo oti akupha akhale ndi mkulu wobisika ndi chikhulupiriro chowatuma sanayambe ndi Hollywood. Hasan-i Sabbah analanda linga la Alamut kumapiri a Persia mu 1090, ndipo otsatira ake ankapha akuluakulu a boma ndi mipeni, kuphatikizapo nduna yaikulu Nizam al-Mulk mu 1092, mpaka a Mongol anagonjetsa lingalo mu 1256. Nthano zimene anthu a ku Ulaya anakometsera pa gululi ndizo zinasiya chikombole chimene makomiki amaumbiramo: League of Assassins ya DC, imene filimu ya Batman Begins ya 2005 inaisintha dzina kukhala League of Shadows, ndi The Hand ya wolemba makomiki wina, Frank Miller, imene inaoneka mu filimu ya Elektra chaka chomwecho. Olemba filimu ya Wanted anachoka pa buku la Millar n'kubwerera ku chikombole chakalechi.

Palinso vuto la kajambulidwe. M'komiki, chithunzi china chimaonetsa mfuti, chotsatira chimaonetsa mtembo, ndipo zapakatipo wowerenga amadzazira yekha m'mutu. Kamera ilibe mpata umenewo. Iyenera kuonetsa zonse, ndipo kuwomberana kosasintha kumatopetsa. Wotsogolera filimuyi, Timur Bekmambetov, wobadwira ku Kazakhstan, amene anatchuka ndi filimu ya Night Watch ya 2004, anathana nazo ndi chipolopolo chokhota. Wosewera amagwedeza mkono ngati akuponya mwala, kamera imachedwetsa nthawi, chipolopolocho amachiwonjezera pa kompyuta, ndipo phokoso lake ndilo limauza khutu kumene chikulowera. N'chifukwa chake mphoto za Oscar ziwiri zimene filimuyi inapikisanirako zonse zinali za kamvekedwe. Kunena zoona chipolopolo chikatuluka mumpope sichikumbukiranso mkono umene unachiponya, ndipo a pulogalamu ya pa TV ya MythBusters atayesa sichinakhote. Mabafa opoletsa mabala a m'filimuyi nawonso ndi chida cha olemba: amalola kuti James McAvoy, wosewera ngati Wesley, amenyedwe ndi kuchekedwa pa maphunziro, mawa lake n'kudzuka wabwinobwino, nkhani osaima.

Filimuyi, imene mbali yaikulu anaijambulira ku Prague ndi ku Chicago, inatuluka mu June 2008 n'kupeza madola opitirira 340 miliyoni padziko lonse, ngakhale inali ya akuluakulu okha. Phindu lotero nthawi zambiri limabala gawo lachiwiri, ndipo linakambidwa kwa zaka zambiri. Koma olemba anali atadzitsekera okha khomo. Fox, amene Angelina Jolie anasewera ndipo ndiye anali pa zikwangwani zambiri zotsatsira, amafa ndi chipolopolo chake chomwe chitazungulira chipinda n'kupha anzake onse, fakitale yansalu imaphulitsidwa ndi makoswe omangiriridwa mabomba, ndipo Sloan wa Morgan Freeman amawomberedwa kumapeto. Jolie sanafune kubwereranso, ndipo Wanted 2 sinajambulidwe.