Mwana wobadwa ndi Down syndrome: zoti makolo adziwe

Mwana akabadwa wofooka thupi, maso opendekera m'mwamba, mphuno yophwatalala ndipo lilime likumatuluka pafupipafupi, manong'onong'o sachedwa. Ena amati bambo ake anamukhwimira kuti geni iziyenda, ena amati mayi ake sanasunge mwambo ali oyembekezera. Zonsezi n'zabodza, koma zimapasula mabanja.

M'maselo a thupi lathu muli tinthu totchedwa ma chromosome, tonyamula chibadwa chochokera kwa makolo. Timakhala 46, koma mwana wa Down syndrome amakhala ndi 47 chifukwa ta nambala 21 timakhala titatu m'malo mwa tiwiri. Izi zimachitika mimba ikungokhala kumene, ndipo palibe chakudya, mankhwala kapena tchimo lomwe limayambitsa. Dzinali linachokera kwa dokotala wa ku England, John Langdon Down, yemwe anafotokoza za ana otere mu 1866. Padziko lonse, mwana mmodzi pa ana pafupifupi 1,000 amabadwa chonchi. Zimachitika kwambiri kwa amayi opitirira zaka 35, ngakhale atsikana nawonso amabereka ana otere. Si matenda opatsirana ndipo palibe sing'anga angawachotse.

Choyamba kuthamangira ndi mtima. Pafupifupi theka la ana amenewa amabadwa ndi vuto la mtima, lomwe nthawi zina silioneka msanga. Mukaona mwana akupuma mofulumira, akutuluka thukuta kapena kutopa poyamwa, milomo ikuda, kapena sakukwera pa sikelo, musadikire. Ngakhale akuoneka bwino, pemphani achipatala kuti amuunike mtima. Ngati chipatala chanu chilibe zipangizo, akutumizani kuchipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Makutu, maso ndi chithokomiro zizionedwanso nthawi ndi nthawi. Mwana wosamva bwino amachedwa kulankhula, anthu n'kumangoti ndi mmene alili. Katemera asaphonye, chifukwa chibayo chimawagwira mosavuta.

Kuyamwa kumavuta poyamba popeza minofu yake ndi yofooka ndipo amakonda kugona. Mudzutseni, muyamwitseni pafupipafupi, mutamugwira chibwano ndi dzanja. Akakhala maso, muzimugoneka chafufumimba pa mphasa inu mukumuyang'anira kuti khosi ndi msana zilimbe. Kumbuyo kwa mayi tsiku lonse sangaphunzire kukwawa.

Ambiri amayamba kuyenda ali ndi zaka pafupifupi ziwiri, ndiye musamuyerekeze ndi mwana wa anzanu. Muzimulankhula, kumuimbira, kumulozera zinthu n'kumazitchula. Amamvetsa zambiri kuposa zomwe angathe kunena. Muphunzitseni kudya yekha, kusamba ndi kusesa, kamodzikamodzi, mobwerezabwereza.

Kumutsekera m'nyumba poopa maso a anthu ndiye kumulakwira kwenikweni. Apite kumkaka, kutchalitchi kapena kumzikiti ndi anzake. Nthawi ya sukulu ikakwana, kalembetseni, ndipo mufunse aphunzitsi aakulu ngati m'dera lanu muli mphunzitsi wa ana ofunika chithandizo chapadera.